Ipheni ndi Ana Ake Omwe

Kwaya ya ku Champhira inali itakwera kale minibasi pamene pulogalamu yojambulira mawu inauma gwa, nyimbo isanasungidwe. Mpikisano unali mawa lake. Sellah, mwini kashopu ka makompyuta pa Mzimba Boma komwe kwayayo inajambulira nyimboyo, thukuta linali kamukamu. Pabenchi, a Gordon oyimbitsa kwaya ankangosisita chipewa.

Ikanakhala kompyuta yake yakale ya Windows, bwenzi atadziwa pogwira. Koma iyi inali ya Linux, mphatso ya mlamu wake Justus, katswiri wa pakamwa ngati wailesi. Anamuimbira, foni ili pa sipika.

"Alamu, yakanirira."

"Ipheni basi! Ndi ana ake omwe!"

A Gordon anadzambatuka. "Mbuziyo yalakwanji, amama? Mpaka ana?"

"Si mbuzi, adada, ndi pulogalamu. Ana akewo ndi timapulogalamu tomwe yatsegula," anatero Sellah.

"Windows nayonso imapha," anapitiriza Justus, "kungoti imanena mwaulemu, ati kutseka ntchito. Kuno sitibisa. Tsegulani kawindo kakuda kaja, mulembe lamulo lophera. Mukaika 15, mwaipempha ilongedze katundu wake, ituluke yokha. Mukaika 9, mwaikhapa pomwepo. Ikani 9, ine ndili pa ntchito."

"Nanga nyimbo?"

"Ikafa, yafa nayo. Adzayimbanso."

Adzayimbanso! Anthu makumi atatu osiya fodya m'zigafa, ngati n'zophweka!

Chala cha Sellah chinaima pamwamba pa 9. Iye ankaidziwa bwino 9 ameneyu. Tsiku limene banja lake linatha, mwamuna wake, mchimwene wa Justus, anamutulutsa m'nyumba manja lendelende, chitseko pha!

Analemba 15, n'kuweramira kompyuta. "Ndapota," ananong'ona.

Kompyuta inangoti zii. Justus ankalalata pafoni kuti makina samva Chichewa. A Gordon anatseka maso, kaya kupemphera kaya kuopa kuona magazi. Mphindi imodzi, ziwiri, kafani koziziritsa kompyuta kakulira ngati njuchi. Kenaka pulogalamu ija inatsekeka yokha, ndipo pakona ya sikirini panatulukira fayilo ya nyimbo. Sellah anaitsegula, mawu a kwaya n'kudzaza kashopu konse.

"Yewo chomene!" anakuwa a Gordon, chipewa chili m'mwamba.

"Mwayi chabe," anatero Justus. "Mwadikiriranji chonsecho?"

Sellah anachotsa foni pa sipika.

"Alamu, tsiku lija achimwene anu akanandipatsa mphindi ziwiri zokha, bwenzi nditatengako chithunzi cha malemu amayi."

Kwa nthawi yoyamba, wailesi ija inazima.