Malungo a Norris pa Tsiku la Chikho

Nkhondo itatha, Wilf Garside anabwerera kwawo ku Ossendale ali ndi miyendo yake yonse iwiri, n'kupeza bwalo la njinga zamoto litamera udzu wolekeza m'mawondo. Pofika 1947 udzuwo unali utalimidwa, phulusa la malasha litathiridwanso munjira yozungulira imene njingazo zinkathamangamo, ndipo Loweruka lililonse anthu a m'mafakitale a nsalu ankadzaza bwalolo mpaka ena kukwera pamadenga. Anali atatopa ndi maliro komanso mizere ya buledi. Ankafuna phokoso.

Chimene chinkasowa ndi okwera. Ena anatsala ku nkhondo, ena anakalamba, ena akazi awo anawaletsa. Wilf, pokhala kaputeni wa timu, ankayenda khomo ndi khomo ngati wopala moto, ndipo khomo lomaliza linali la mlamu wake, Norris Tetlow, mwamuna wa mlongo wake Enid.

Njinga za mpikisano umenewu zilibe mabuleki. Pokhota umaigoneka cham'mbali, phazi lamanzere lovala nsapato yachitsulo likukhwekhwereza pansi, ndipo nkhondo isanayambe Norris ankachita zimenezi ngati akusewera. Koma iye anagwidwa ukaidi kum'mawa, n'kubwerako ali mafupa okhaokha, khungu litachita chikasu ndi mankhwala, ali ndi malungo amene ankati akasowa miyezi ingapo n'kumubwereranso. Tsopano ankasesa pafakitale, ndipo mawu ake anali owerengeka.

Enid anakana. Anati Mulungu anamubwezera mwamuna kamodzi, ndipo iye alibe nkhope yokapemphanso kachiwiri. Wilf analonjeza kuti azikwera naye limodzi, azimutchinga kumbuyo, ndipo tsiku limene adzaone kuti sali bwino adzamutsitsa panjinga ndi manja ake. Enid anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwamuna wake, amene maso ake anali atawala koyamba chibwerereni.

"Mwanena nokha, achimwene," anatero.

Chaka chimenecho Norris anadzuka. Anayamba kumaliza mbale yake n'kusuzumira ya mnzake. Anzake a m'timu ankamutcha Ndimu chifukwa cha khungu lija, iye n'kumawayankha kuti ndimu ndi yomwe imakometsa nsomba. Akakwera awiriwo, Norris kutsogolo Wilf kumbuyo, adani ankangodya fumbi. Mu ligi zinthu sizinawayendere, chifukwa kumabwalo a ku London ankagonja kawirikawiri, ndipo anathera pakati. Koma mu mpikisano wa chikho anagwetsa matimu mmodzimmodzi mpaka kufika mu ndime yomaliza. Kumeneko anakumana ndi timu ina ya ku London imene inali itatenga kale ligi. Ulendo woyamba, kwa eni akewo, a Ossendale anagonja ndi mapointi ochepa. Wachiwiri unali wa pakhomo.

Masana a tsikulo, Wilf atafika pabwalo, anapeza Norris m'kashedi ka njinga atakhala pa chitini cha mafuta, atadzifunditsa chijasi cha usilikali, mano akugundana. Anali atachoka kunyumba m'mamawa kuti Enid asamuone. Wilf anamugwira pachipumi, n'kuchotsa dzanja msanga.

Apa m'pamene anayenera kupita kwa bambo Sugden, mwini timu, kukawauza. Anaganizadi zopita. Anafika mpaka pakhomo la kashediko. Panja anthu anali atayamba kale kulowa, atavala masikafu ofiira, akuimba dzina la Wilf ndi la Ndimu. Wokwera amene akanalowa m'malo mwa Norris anali atathyoka dzanja sabata yapitayo, ndipo amene anatsala anali munthu woti akaona kona amatseka maso. Wilf anali ndi zaka zoti chikho china sakanachiyembekezeranso. Anabwerera, natsanulira mlamu wake tiyi wotentha, namupatsa kwinini, namuuza kuti zimenezi zimatha munthu akatuluka thukuta.

Dokotala wa pabwalo atadutsa n'kufunsa chimene chavuta, Wilf anaima pakati pa iye ndi Norris, nanena kuti ndi mantha chabe, munthuyu sanakwerepo pa tsiku lalikulu chotere. Dokotalayo anaseka n'kupitirira.

Mipikisano iwiri yoyamba Norris anakwera bwino, moti Wilf anayamba kudziuza kuti analondola. Atatsika wachitatu, Norris anavula magalasi, nkhope ili noninoni ndi thukuta, n'kumukokera Wilf pambali.

"Alamu, chingwe chotitchinga poyambira chija ndikuchiona pawiri."

"Uziyang'ana chakumanzerecho," anatero Wilf, "chinacho n'cha a ku London."

Norris anaseka, Wilf nayenso anaseka, ndipo amakaniko ataona awiriwo akuseka anaseka nawo osadziwa nkhani.

Zonse zinatsalira pa mpikisano womaliza. Kuti chikho chikhale ku Ossendale, Wilf ankayenera kupambana, ndipo Norris ankangofunika kusakhala womaliza mwa okwera anayi, awiri a timu iliyonse. Chingwe chitakwera, mmodzi wa a ku London anathawa kutsogolo. Wilf anacheuka kamodzi, naona Norris ali wachitatu, mutu uli wopendekeka mwachilendo. Malo ake a Wilf anali pamenepo, kumbuyo kwa mlamu wake. Anatsegula moto n'kuthamangitsa wa kutsogolo uja, ndipo anamupitirira pa kona yomaliza, bwalo lonse litaimirira.

Norris anagwira malo ake achitatu mpaka pa mbendera yomalizira. Kenako sanatseke moto. Ena onse atachepetsa liwiro, iye anangopitirira molunjika ngati sakuona kuti njira yakhota, n'kukawomba mpanda wa matabwa.

Ambiri sanaone, chifukwa maso awo anali pa Wilf. Anthu anadumpha mpanda n'kumunyamula m'mwamba, ndipo ali pamapewa awo anaona amuna awiri akuthamanga ndi machira. Anakuwa kuti amutsitse, koma m'phokoso lija anthuwo ankayesa akuimba nawo. Pamene ankamupatsa chikho m'manja, ambulansi inali ikutuluka pachipata.

Norris anathyoka chiuno ndi mwendo wamanja, ndipo msana unavulala. Madokotala anati moyo ulipo, kuyenda mwina, njinga ayi. Wilf anapita kuchipatala mawa lake m'mawa atakonzeka kutukwanidwa. Anapeza Enid pabenchi panja pa wodi, atavala malaya a dzulo lomwe. Mlongo wakeyo anaimirira n'kumugwira dzanja.

"Norris wandiuza zonse," anatero. "Akuti anakubisirani ngati mmene anandibisira ine. Musadziimbe mlandu, achimwene. Mukanadziwa bwanji?"

Wilf anatsegula pakamwa, koma namwino anatulukira n'kunena kuti alowe mmodzi yekha.

M'katimo Norris anali atagona chagada, mwendo utakolekedwa ku zingwe. Wilf anakhala pambali pake, n'kunena motsitsa mawu kuti akatuluka m'menemo akamuuza Enid zoona. Norris anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Ukamuuze kuti zimuthandize chiyani? Ine sindidzanyamulanso ngakhale ndowa ya malasha. Watsala ndi iwe. Ukufuna akhale wopanda mwamuna woyenda, akhalenso wopanda mchimwene?"

Wilf anati sangathe kukhala nazo.

"Ukhala nazo," anatero Norris. "Inenso ndili nazo zanga." Atapuma pang'ono anafunsa ngati anamalizadi wachitatu, chifukwa sankakumbukira kalikonse kuchokera pa kona yoyamba. Wilf atavomera, Norris anatseka maso akumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko kunamupweteka Wilf kuposa chipongwe chilichonse chimene anachiyembekezera.

Nyengo yozizira ija Wilf ankapita kwa mlongo wake tsiku ndi tsiku. Ankatunga malasha, kukolopa masitepe, kumunyamula Norris pomusambitsa. Anthu a mumsewuwo ankauza ana awo kuti ubale ndi umenewo. Lamlungu Enid ankamuikira nthuli yaikulu ya kanyama kochepa ka pa sabata, ndipo Wilf ankaitafuna nthawi yaitali isakutsika. Kangapo, Norris akagona, Wilf ankayamba kuti, "Enid," koma mlongo wake akacheuka, iye ankafunsa za denga lodontha kapena za mankhwala.

Chaka chotsatira anakweranso, koma sanalinso yemwe uja. Pa kona iliyonse ankacheuka, ndipo wocheuka sapambana. Wokwera wina akangotsokomola, Wilf ankathamangira kwa dokotala, mpaka anzake anamutcha Namwino. Timu inathera pafupi ndi pansi pa ligi, chikho chinabwerera ku London, ndipo pakutha pa chaka bambo Sugden anamuuza mwaulemu kuti apume. Wilf sanatsutse. Anakalowa ntchito pa galaja ina yokonza mabasi.

Norris anayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo bambo Sugden anamupatsa mpando m'kachipinda kogulitsira matikiti, kumene anthu ankaima dala kuti amupatse moni. Miyezi ikupita, Enid anaima, nabereka mwana wamwamuna. Tsiku lina anabwera ku galaja ndi khandalo, n'kuuza Wilf kuti agwirizana ndi Norris kuti Wilfyo ndiye adzaimire mwanayo pa ubatizo, ndipo dzina adzampatsa la Wilf lomwe. Wilf anapukuta manja pa chisanza, nati pali mayina abwino ambiri, bwanji osatenga la bambo awo. Enid anati nkhaniyo yatha kale.

Anamubatiza Lamlungu lina la mvula. Tchalitchi chinali chozizira, ndipo Norris anakana kukhala pansi, anaima motsamira ndodo zake mpaka mwambo wonse utatha. Wansembe atafunsa dzina la mwana, onse anayang'ana Wilf. Iye anayang'ana mlamu wake, ndipo Norris anagwedeza mutu pang'ono movomereza.

"Wilfred," anatero Wilf.

Mwanayo analira madzi atamukhudza. Wansembe anamubweza m'manja mwa Wilf, ndipo iye anamugwira mwamphamvu kwambiri moti Enid anachita kumunong'oneza kuti amasuleko pang'ono.