Dzenje la Injini M'boti la Akamwini

A Girisi anagwira ntchito yokonza injini za maboti zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ntchitoyo inawalipira motere: khutu lakumanzere linagontha, msana unapindika ngati mpini, ndipo mkono wakumanja unali ndi zipsera za paipi yautsi kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Dzina lakuti Girisi anawapatsa ndi anzawo apadoko, chifukwa ngakhale asambe chotani, m'zikhadabo munkakhalabe mwakuda. Tsiku lomwe anapuma pa ntchito anatenga ovolosi yawo, kuiponya m'mgolo wa zinyalala, n'kulumbira pamaso pa anthu kuti sadzalowanso m'dzenje la injini ya munthu aliyense.

Choncho mkamwini wawo, dokotala wa mano yemwe anakwatira mwana wawo wachisamba, atabwera kunyumba n'kukhala mwaulemu pansonga ya mpando, a Girisi anamvetsera ndi khutu labwino lija.

"Bambo, ndikufuna kugula boti loti tiziyendera ndi banja, lokhala ndi pogona. Padoko pali atatu. Ine za maboti sindizidziwa. Mawu anu ndi amene nditsatire."

Zinawakomera m'mtima a Girisi, kunama ayi. Loweruka anadzuka m'mawa, kutenga tochi ndi kahamala, n'kupita kudoko pamodzi ndi mkamwini ndi mwana wawo.

Boti loyamba linali lopepuka, lakuthwa kumphuno, ndi injini ziwiri zikuluzikulu zopachika kumbuyo. A Girisi analiyang'ana pang'ono n'kupukusa mutu. "Ili ndi la anthu othamanga osadziwa kopita. Limauluka pamwamba pa madzi, koma mafunde akangoyamba, mano onse mudzawatolera m'manja. Ntchito ingakuchulukireni, akamwini."

Lachiwiri analizungulira kawiri. Linali lotakata bwino, denga lolimba, kachipinda kogona kamphepo yabwino, kumbuyo kuli injini imodzi yopachika. Anagogoda thupi lake ndi kahamala kuyambira kumphuno mpaka kumchira, osamva powola. Anatsegula chitseko chapansi, pomwe maboti akale amaikapo injini, n'kupeza malo oyera osungiramo katundu.

Lachitatu linali nkhalamba yolemera, yozama pamimba, m'kati monse matabwa opakidwa vanishi. Linali lokongola, a Girisi sanatsutse. Koma atanyamula thabwa lapansi, fungo la dizilo ndi madzi ovunda linawalonjera ngati mdani wakale. Injini inali m'kadzenje kopanikiza, ndipo kuti munthu afike pa pampu ya madzi ankayenera kulowetsa mutu pansi, miyendo m'mwamba.

"Gulani lachiwiri," anatero a Girisi.

"Koma bambo," anayankha mkamwini, "ndinawerenga kuti injini ya m'kati imamwa mafuta pang'ono. Kulemera kwake kumakhala pansi, ndiye boti silipendekera pa mafunde. Kumbuyo kumakhalanso poyera, munthu akhoza kutsika n'kusambira. Zopachikazi akuba amangomasula n'kunyamula. Ndiponso zimanyansitsa boti, ngati munthu wovala suti atabereka chitofu."

"Zonsezo n'zoona. Dizilo amakhalitsa, ine ndiye ndikudziwa. Koma funso langa ndi limodzi: ikafa, alowemo ndani? Yopachika umaikonza uli chilili ngati munthu. Pulopela ikakola udzu, umangodina batani, injini n'kudzuka m'madzi, iwe n'kuchotsa ndi dzanja. Ikatheratu, mabawuti angapo, kuikweza, kupachika ina, madzulo uli pamadzi. Tayang'anani padoko ponsepa, maboti atsopano angati ali ndi dzenje? Anthu si opusa. Amakaniko a masiku ano akangomva kuti injini ili pansi, amazimitsa foni."

Wogulitsa maboti, munthu wamimba yake ndi chipewa choyera, anaseka n'kumenya mkamwini paphewa. "Adokotala alibe nkhawa imeneyo. Makaniko ali naye m'banja momwemo!"

Onse anaseka. A Girisi okha sanaseke.

Patapita milungu iwiri, mwana wawo anaimba foni kuti boti lagulidwa, ndipo ndi lachitatu lija. Tsiku lotsatira a Girisi anakumana ndi wogulitsa uja m'sitolo ya zitsulo, ndipo mkuluyo, pakamwa posatseka, anaulula zonse. "Adokotalatu tinagwirana chanza kalekale, musanabwere inu n'komwe. Anati angofuna achikulire alione, alizolowere."

Alizolowere! A Girisi anatuluka m'sitolomo osagula zomwe anadzera. Ndiye kuti Loweruka lonse lija ankagwada, kugogoda, kuunika ndi tochi m'makona, anthu akungowaonerera ngati sewero. Sanawatengere kudoko kukapereka nzeru. Anawatengera kukawaonetsa khola lawo latsopano.

Ulendo woyamba wa botilo anaukana katatu. Kachinayi mwana wawo anabwera yekha kunyumba. "Adadi, mukakana, apongozi anga kwawo kuja aziti chiyani? Mubwere ngati mlendo wolemekezeka. Mukangokhala pampando basi, palibe akakupempheni kanthu."

Anapita, atavala malaya oyera, jekete ya ukwati ndi nsapato zopolisha, dala, kuti aliyense aone kuti munthuyu sanabwere kudzagwira ntchito. Ananyamuka dzuwa litakwera, atatu okha. Mkamwini anali pachiwongolero, chimwemwe chodzaza tsaya. Boti linkayenda mwaufumu, osagwedera, ndipo zimenezo zinawapsetsa mtima kwambiri a Girisi chifukwa zinali monga mkamwini ananenera.

Atamva ludzu anatsikira m'kachipinda kukafuna kapu. Anatsegula kabati yolakwika. Munali bokosi la masipanala atsopano, ndipo pamwamba pake panali ovolosi yabuluu, yopindidwa bwino, pepala la m'sitolo likadali pakolala. Anaitambasula. Mkamwini anali wamtali, wowonda ngati nsungwi. Ovolosiyo inali yaifupi, yotakata m'chiuno.

Anakwera nayo pamwamba ataigwira ndi zala ziwiri. "Akamwini, iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yongosungira, bambo. Mwina mwake."

"Mwina mwake chiyani? Saizi yanga anakuuzani ndani?"

Mwana wawo anayang'ana kumadzi.

"Ndiwe? Iwe amene unkandithira mankhwala pamsana ndikulira ngati mwana? Unapita kukayeza thalauza langa?"

Asanayankhidwe, kabelu ka pachiwongolero kanayamba kulira, nyale yofiira ikuphethira. A Girisi sanafunikire kuyang'ana. Phokoso lotulukira kupaipi yautsi linali litauma, madzi sankatulukanso.

"Zimitsani! Zimitsani msanga, mupsereza injini! Ponyani nangula!"

Mkamwini anazimitsa, kuthamangira kumphuno, n'kuponya nangula. Kunangoti zii. Doko linali kutali, nyumba zikuoneka ngati timabokosi ta machesi, ndipo kamphepo kanali katayamba. Mkamwini anabwerera akupukuta manja pakabudula, n'kuima pafupi ndi apongozi ake, maso ali pa ovolosi.

"Bambo…"

"Ayi."

"Sindinanene kanthu, bambo."

"Ndayankhiratu. Ndinakuuzani pamaso pa wogulitsa, pamaso pa mkazi wanu. Munandiseka. Munagula boti ndi maso, msana woti ulisamale n'kubwereka wanga osandipempha. Mwana ndinakupatsani ndi manja awiri, koma msanawu sunali nawo pa ukwati." Anamuponyera ovolosi pachifuwa. "Valani. Ikhala yaifupi, koma m'dzenjemo mulibe wokuonani."

"Adadi, chonde," anatero mwana wawo, "manja akewa ndi a ntchito. Akavulala, odwala ake…"

"Angawa anali a chiyani? Okumbira mbewa?"

Mkamwini anavala ovolosi, miyendo yake ikulekezera m'akatumba, n'kunyamula thabwa lapansi. Kutentha kunatuluka ngati mu uvuni. A Girisi anakoka mpando, kukhala m'mphepete mwa dzenje, n'kupinda miyendo.

"Tsekani kaye mpopi wolowetsa madzi, chogwirira chofiiracho, apo ayi timira tonse. Tsopano tsegulani sefa. Muli chiyani?"

"Pulasitiki, bambo. Ndi udzu."

"Ndiye kuti pampu yayenda youma, kalabala kamapiko kokoka madzi m'kati mwake kaphwanyika. Kali kutsogolo kwa injini, pansi. Gonani chammimba. Mutu pansi. Pansi, ndati! Mukuopa kuti tsitsi lifwifwa?"

Mkamwini analowa mpaka m'chiuno, miyendo ili m'mwamba. Posakhalitsa anakuwa, mkono utakhudza chitsulo chotentha.

"Imeneyo ndi paipi yautsi. Mwadziwana. Pitirizani."

Timasikuluwu ta chivundikiro cha pampu tinali tisanu ndi kamodzi. Kachinayi kanapulumuka n'kugwera m'madzi akuda a pansi pa injini, ndipo mkamwini anatukwana mawu omwe a Girisi sankadziwa kuti madokotala amawadziwa. Anakasaka ndi zala kwa nthawi yaitali mpaka anakapeza. Atatsegula pampu, kalabala kanali katathothoka mapiko atatu.

"Zidutswazo zisatsale m'paipi, zikatseka kutsogolo. Muzipeze zonse zitatu. Ine zinkanditengera ola."

Mkamwini anapempha pulayala yaing'ono ndi kagalasi ka m'chikwama cha mkazi wake. Anaunika ndi kagalasiko m'kamwa mwa paipi, n'kuzula zidutswa chimodzichimodzi, mwakachetechete, dzanja osanjenjemera. Sipanathe mphindi khumi. A Girisi anayang'ana zidutswa zitatu zili pathabwa ndipo mkwiyo wawo unasowa kolowera.

"Hm," anatero. "Katsopano kali m'bokosimo. Kapakeni sopo."

Mwana wawo, yemwe nthawi yonseyi ankagwira tochi, anaiika pansi mwamphamvu. "Nonse awiri mwanditopetsa. Tsiku lija padoko munakangana ola lathunthu, uyu dizilo, uyu yopachika. Alipo anandifunsa ine? Fungo limeneli limandidwalitsa mutu kuyambira ndili mwana, pomwe adadi ankabwera nalo m'nyumba. Ine ndinkafuna boti lachiwiri lija, ndipo osati chifukwa cha injini. Linali ndi chimbudzi choti munthu n'kutembenukamo. Inu bambo a kunyumba munati ndidzazolowera. Aliyense azingozolowera zofuna zanu!"

Kuchokera m'dzenje munamveka mawu otsamwa: "Tochi, chonde, amayi."

"Dziunikireni nokha."

A Girisi anatola tochiyo n'kuunika, osadzuka pampando.

Injini italira, madzi n'kuyambanso kulavuka kupaipi, mkamwini anatuluka chafutambuyo. Nkhope inali yakuda, mkono uli ndi chithuza chachitali, ndipo anayesa kuwongoka koma anathera panjira, dzanja lili m'chiuno. Anayang'ana apongozi ake ngati akudikira mawu ena ake.

"Mpopi mwatsegula mokwanira?" anafunsa a Girisi.

"Eya, bambo." Anapukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi. "Za wogulitsa zija, ndinalakwa. Ndikanakuuzani zoona."

"Munalakwadi. Zulani nangula."

Anabwerera kudoko. Atafika, mkamwini anati boti saligulitsa, walikonda, ndipo aphunzira kulisamala yekha. A Girisi anati zimenezo ndi za m'nyumba mwawo, akambirane ndi mkazi wake, yemwe panthawiyo anali atakhala kale m'galimoto, chitseko atamenyetsa.

Lolemba m'mawa foni inalira. Anali mwana wawo. Anati bambo a kunyumba alephera kudzuka pabedi, msana wagwira, kuchipatala cha mano atseka ndipo odwala abwezedwa.

"Agone pansi, pasimenti, pilo pansi pa mawondo," anatero a Girisi. "Botolo la madzi otentha m'chiuno. Masiku atatu adzuka. Ndipo umuuze kuti pobwerera paja ndinamva lamba wa injini akulira. Asinthidwe asanapitenso pamadzi. Ameneyo ali kuseri, polowa pake n'chagada."

"Adadi, simungabwere kudzangomuonetsa?"

"Akachira andiimbire yekha. Ndimufotokozera pafoni."