Ana a Nthochi a ku Dibulla

Kandege kojambula minda kanali katatera kale, koma Dagoberto, mlangizi wa alimi a nthochi, anangoti maso pafoni osanena kanthu. Yolima Barros, mwini mundawo, sanakonde zimenezo. Bambo ameneyu masiku onse amalongolola ngati wailesi.

“Lankhulanitu, bambo inu. Mwaona mzukwa?”

Dagoberto anamuonetsa chithunzi. Munda wonse unali wobiriwira, kupatula kadontho kofiira kumapeto, pafupi ndi ngalande.

“Kamera iyi imaona tsamba lodwala diso lisanalione, mayi. Mwina ndi ludzu chabe. Mwina ndi matenda aja ofotetsa.”

Yolima anachita mantha. Matendawo amakhala m'dothi ndipo sachoka. Akapezeka, munda amautchinga ndi waya, nthochi zonse n'kuphedwa.

Onse awiri anaviika nsapato m'mankhwala n'kupita komweko. Dagoberto anang'amba thunthu limodzi ndi chikwanje. M'kati munali mizere yofiirira.

“Nthochi izi sizikufanana ndi zinazi. Ana ake munawatenga kuti?”

Mayi ake atamwalira kwawo ku Dibulla, Yolima anakumba ana a nthochi kuseri kwa khitchini yawo, monga amachitira akazi a m'banja mwawo kuti mbewu ya mayi isathe. Anawakulunga m'chiguduli ndi dothi lomwe, n'kukwera nawo basi. Lamulo loletsa kusamutsa mbewu ankalidziwa bwinobwino, koma ankati limanena za anthu amalonda, osati mwana wolira mayi ake.

Atafotokoza, Dagoberto anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

“Chidutswa ichi ndikachipimitsa, koma ine ndaona kale. Ndiuzeni zoona: onse munadzala pano? Ngati ena ali kwina, mvula ikagwa madzi afalitsa matendawa chigwa chonse.”

Kutsidya kwa ngalande kunali Nohemí, akuveka mikoko matumba abuluu. Ndiye anamunyamulira Yolima mwana pa ubatizo, ndipo munthu wotere ukakhala ndi mbewu yabwino sumumana. Yolima anali atamupatsa ana awiri a nthochi zija ndi manja ake. Nohemí anali wamasiye, ndipo kamunda kake ka nthochi ndiko kankadyetsa nyumba yake yonse.

“Comadre!” anakuwa Nohemí, monga ankaitanirana ndi Yolima chichitikire ubatizowo. “Muuzeni wakandegeyo asamandijambule ndisanapese tsitsi! Bwerani naye mudzamwe khofi.”

Dagoberto ankadikira. Kunama kunali kosavuta: kandege kamauluka pokhapo pamene katumidwa, ndipo lero kanatumidwa m'munda wa Yolima basi. Yolima anayang'ana kumapiri, kumene mitambo inali itayamba kuda.

“Kaulutseninso,” anatero. “Kutsidyako. Muyambire kuseri kwa khitchini ya Nohemí.”

Kandege kanadzuka n'kuwoloka ngalande. Nohemí atakaona anaseka, anakonza tsitsi lake, n'kukabayibitsa ndi manja awiri.