Sikirini ya Kuseri kwa Khoma

Nthawi inali itangopitirira 9 koloko m'mawa, mvumbi utalowa tsiku lachitatu. Mapepala onse m'shopumo anali atamwa chinyontho, moti ankalowa m'makina awiriawiri atamatirana. Mwini shopuyo, amene anthu a mumsewumo ankangowatchula kuti Afotokope, anali pakompyuta, akutayipa funso lomaliza la mayeso a masamu. Eni mayesowo, ahedi a kasukulu ka kumapeto kwa msewu, anakhala pabenchi, ambulera yawo ikudontha pakati pa miyendo. Ana ankayenera kuyamba kulemba 1 koloko.

Sikirini inaphethira. Inada bii, kompyuta n'kulira kawiri, kulira kuja imalira munthu akailumikiza chinthu. Kuwala kutabwerera, zilembo zonse zinali zitanenepa ngati zatupa, ndipo tsamba la mayeso panalibe.

"Mwadya mayeso anga?" anafunsa Ahedi.

"Alipo. Onani m'munsimu, ikusonyeza kuti ndi otsegula."

"Nanga ali kuti?"

Afotokope anadina pa kachizindikiro kake, ndipo anaona kamthunzi kakuthamangira kudzanja lamanja n'kutulukira m'mphepete mwa sikirini. Anakankhira mausi komweko. Kamuvi ka mausiyo nako kanafika m'mphepete, osaima, n'kuzimiririka.

"Ana anga apemphera kwambiri dzulo," anatero Ahedi. "Makamaka aja amakhala kumbuyo."

Afotokope ankadziwa kumene kamuviko kapita. Kuseri kwa khoma la kudzanja lamanja kunali kachipinda, ndipo m'munsi mwa khomalo munali kabowo kamene iwo eni anaboola, modutsa zingwe zitatu. Akazi awo ndiwo anali otayipa pashopupo kwa zaka zambiri. Shuga atawafoola miyendo, anakana kukhala chogona osagwira kanthu, choncho anawaikira sikirini yachiwiri pambali pa bedi, kiyibodi ndi mausi yawoyawo, zonse zolumikizidwa ku kompyuta imodzi yomweyi. Kamuvi kanali kamodzi, kobwerekana. Mayiwo akakafuna ankagogoda khoma ndi supuni n'kukuwa kuti, "Bambo, bwezani kamuvi! Mukuchita nako chiyani inu wotayipa ndi zala ziwiri?"

Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chiwaikire m'manda. Achibale atatenga zovala, Afotokope anatseka chitseko cha kachipindako, kiyi n'kumuika m'kabati ya masitepula. Zingwe zija sanazikhudze. M'mawa uliwonse akayatsa kompyuta ankakankhira kamuvi kudzanja lamanja, kakhaleko pang'ono, kenaka n'kukabweza. Sanauzepo munthu. Koma chiyambire mvumbiwu, sikirini inayamba kuphethira yokha ndi kulira kuja, ndendende ngati mmene inkachitira mayiwo akadzuka n'kuyatsa yawo. Dzulo lake inaphethira kanayi. Ulendo wachinayi anadzipeza ataimirira, khutu atalozetsa kukhoma.

"Tiitane wodziwa," anatero Ahedi. "Ine masamu ndimawadziwa, koma a mizimu sindinaphunzire."

Anangonena mocheza, osadziwa kanthu. Afotokope anatenga foni n'kuimbira mlamu wawo, mng'ono wa malemuwo, amene ntchito yake inali yokonza makompyuta m'maofesi. Anafika patatha theka la ola, nsapato zili m'matope, chikwama cha zida atachifundika jumbo.

"Alamu, mwaonda," anatero akuvula jekete. "Mukudya koma?"

"Ndikudya."

"Mukudya mapepala. Sunthani."

Anakhala pampando, nadina mabatani atatu pamodzi. Tsamba la mayeso linatulukira kudzanja lamanja n'kudzaima pakati pa sikirini. Ahedi anaomba m'manja.

"Mayi, mukanakhala mwana wanga ndikanakupatsani malikisi onse, ngakhale a ukhondo."

Asanamalize kuseka, sikirini inada, kompyuta inalira kawiri, tsamba lija n'kupitanso. Mlamuyo anatsinzina diso limodzi. Anatsegula pamene pamakhala zosintha za sikirini, ndipo panaoneka timabokosi tiwiri togundizana, kena kolembedwa 1, kena 2. Anayang'ana timabokosito, kenaka anawerama n'kusuzumira pansi pa tebulo. Anatsata zingwe ndi maso mpaka pakabowo. Atadzuka, mawu ake anali atatsika.

"Alamu, simunazule?"

"Sindinapeze mpata."

"Miyezi seveni."

"Ntchito imachuluka."

Mlamuyo anayang'ana Ahedi, Ahedi n'kuyamba kuwerenga mitengo ya fotokope yomata pakhoma ngati nkhani yofunika kwambiri.

"Chikuchitika n'chakuti," anatero mlamuyo, akuloza kabokosi kachiwiri, "kompyutayi ikudziwa kuti asisi ali ndi sikirini yawo uko. Siinauzidwe china chilichonse. Ndiye sikiriniyo mwina yatopa, mwina soketi yake yalowa chinyontho. Ikumagona, n'kudzidzimuka, n'kugonanso. Ikadzidzimuka, kompyutayi ikumailandira n'kuibwezera zake. Pulogalamu yotayipira inkakhala kwa iwo, si choncho?"

"Inkakhala kwa iwo."

"Ndiye ikubwerera kwawo. Komanso taonani zilembo zanuzi. Sikirini yanu ili ndi timadontho tambiri, koma ikasokonezeka chonchi ikumagwiritsa ntchito tochepa, n'chifukwa chake zonse zafufuma. Ndipo m'malo mojambula chithunzi kasikisite pa sekondi, yatsikira pa sate. Mutu sukukupwetekani?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pa inu ndiye kuti kwambiri. Ndidina apa, ndiiuze kuti ionetse pa 1 pokha. Zonse za uko zibwera kuno, basi yatha."

Afotokope anagwira mausi mlamuyo asanadine. Sanagwire dzanja la mlamuyo, anangoika chala pa chingwe.

"Zibwera mmene zilili?"

"Mafayilo onse abwera. Palibe chotayika."

"Ndikuti mmene anaziikira."

"Ayi. Zidzangofola mizere kumanzere kuno, mmene kompyuta yafunira."

Mvula inkapitirira kuvumba padenga. Ahedi anayang'ana wotchi yawo, ndipo ulendo uno sanaseke. "Akulu, pepani, sindikufuna kulowerera za m'nyumba. Koma mapepala ndi handiredi twente, ndipo ndikafike nawo wapansi."

"Atuluka, Ahedi," anatero Afotokope.

"Njira zilipo ziwiri," anatero mlamuyo. "Ndidine, kapena mulowe mukaone chimene chikuidzidzimutsa. Kapena ndilowe ine."

"Ayi. Ndilowa ndekha."

Kiyi anali pansi pa bokosi la masitepula. Chitseko chinali chitatupa ndi chinyontho, anachita kuchikankha ndi phewa. M'katimo munali kamdima ka masana a mvula, ndi fungo la mafuta aja ankawapaka m'miyendo, limene iwo ankayesa kuti linatha kalekale. Bedi linali lopanda zofunda. Madzi ankatsika pakhoma kuchokera pakona ya denga, kanjira kakuda kopyapyala, n'kudutsa pambali penipeni pa soketi. Pa katebulo ka matayala sikirini inali chiimire, yopendekera kumene kunkakhala pilo, kagetsi kake kakuthwanima.

Ataima pakhomopo, sikiriniyo inayaka yokha.

Anagwira chitseko. Kushopu kompyuta inalira kawiri, ndipo anamva Ahedi akuti, "Iyo, yayambanso." Kuwalako kunagwera pamatiresi, pamalo pamene panali potsika chifukwa chogonapo munthu nthawi yaitali. Afotokope anakhala m'mphepete mwa bedi, poti kuchokera pena paliponse sikiriniyo sinkaoneka bwino.

Mayeso a Ahedi anali pomwepo, zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani. Anali ataiwala kuti miyezi yomaliza maso a mayiwo anafooka, moti ankakulitsa zilembo mwezi ndi mwezi. Anagwira mausi ya mayiwo, yomata fumbi, n'kutsitsa tsambalo kuti aone kumbuyo kwake.

Mafayilo sanali m'mizere. Anali m'timagulu, ngati anthu pamaliro kapena pamsika. Pamwamba kumanzere panali a sukulu. Pakati panali makalata ofunsira ntchito ndi ena, ndipo mayina ake anali opatsidwa ndi mayiwo: "mayi wa chipewa chofiira", "mnyamata wonama zaka", "bambo wolankhulitsa 1", "bambo wolankhulitsa 2". Pansi kumanja, patali ndi ena onse, panali kagulu kotchedwa "aja amati abweranso". Pakona panali kapepala kachikasu ka pakompyuta, kolembedwa mawu anayi okha ndi theka: "Inki yakuda yatsala pang'ono. Ndiwauz"

Anawerenga kawiri. Inki ija inathadi sabata ya maliro, pakati pa ntchito ya munthu, ndipo iwo anakwiya n'kukalipira pulinta.

"Alamu?" Mlamuyo anali ataima pakhomo, osalowa. Maso ake anali pa sikirini, kenaka pakhoma. "Madziwo ali pa soketi. Zimenezi zikhoza kuyatsa nyumba, mukudziwa?"

"Ndaona."

Mlamuyo anasendera pafupi n'kusuzumira. "Bambo wolankhulitsa 2 ndi ndani?"

"Ali pabenchi kunjaku."

Mlamuyo anaseka, kuseka kwake n'kuthera m'mphuno, napukuta nkhope ndi mkono. Anatulutsa foni. "Ndijambule mmene zililimu? Mukhale nacho chithunzi."

Afotokope anaganiza. "Jambulani. Koma musanditumizire lero."

Anabwerera kushopu, chitseko cha kachipinda n'kuchisiya chotsegula. Mlamuyo anakhala pampando, nasankha kuti kompyuta ionetse pa 1 pokha, n'kudina. Sikirini inada, n'kuyakanso. Mafayilo a mayiwo anali atafika, atafola mizere kumanzere, mayi wa chipewa chofiira ali pakati pa malisiti a shopu ndi mayeso a chaka chatha. Pakati pa sikirini panatuluka kabokosi kofunsa ngati zisungidwe chomwechi, ndi nambala yotsika yokha: 15, 14, 13.

"Mukapanda kudina, ikafika pa ziro ibwerera mwakale," anatero mlamuyo. Anachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pamwendo.

Afotokope anayang'ana kukhomo la kachipinda. Kuwala kuja kunali kutazima, munangotsala kamdima ndi phokoso la madzi. 9, 8. Ankadziwa kuti akangoima chomwecho, osachita kanthu, kuwalako kubwerera pamatiresi. Sipakanafunika kunena mawu alionse. 6, 5. Ahedi anali ataimirira, ambulera ili m'manja, akuyang'ana nambalayo ngati mwana woyembekezera zotsatira. Pa 3, Afotokope anawerama n'kudina.

Palibe chinalira. Mlamuyo anagwada pansi pa tebulo, namasula chingwe cha sikirini ija ndi zinzake ziwiri, kenaka anakazimitsa soketi ya m'kachipinda n'kuzula pulagi. Atabwerera anakweza timadontho kufika pa mlingo wake wa sikiriniyo, nabwezera kujambula kuja pa sikisite. Zilembo zinaphwa, zinakhala zakuthwa ndi zazing'ono.

"Zachepetsa," anatero Afotokope.

"Ndi mmene zimayenera kukhalira."

"Kulitsaniko pang'ono. Maso anganso ayamba."

Anakulitsa. Kapepala kachikasu kaja kanali katabwera nako, kali pamwamba pa tsamba la mayeso, kakuphimba funso lachitatu.

"Aka ndikachotse?"

"Kasunthireni pakona. Ndikaona bwino."

Mlamuyo anavala jekete yake yonyowa. Anati Loweruka abwera ndi munthu wokonza denga, ndipo akadzapeza m'nyumbamo mulibe chakudya adzawanenera kwa ana. Afotokope anamuperekeza mpaka pakhomo, nabwerera pampando. Anakankhira mausi kudzanja lamanja mosaganiza, mwa chizolowezi. Kamuvi kanafika m'mphepete n'kuima pomwepo, kansonga kake kokha kakuoneka.

"Akulu," anatero Ahedi mofatsa, "funso lomaliza lija mwalemba sitima ikuthamanga makilomita sikisi sauzande pa ola. Ndinalemba sikisite."

"Malembedwe anu, Ahedi."

"Mayi aja sankadandaula nawo."

"Ankadandaula. Inu simunkamva, munkalankhula."

Anafufuta maziro awiri, nawerenganso funsolo ndi chala. Kenaka anatenga mtolo wa mapepala, anaupinda uku ndi uku, n'kuupuliza m'mbali kuti alekane. Anauika m'thireyi, nadina. Pepala loyamba linatuluka lofunda, lachiwiri linatsatira lokha. Anapatsa Ahedi sitepula kuti azimanga atatuatatu, iwo n'kuima pambali pa makina, akulandira ndi kuwerenga chamumtima.