Tizidutswa Totuwa m'Foda

Pali maloto amene akukana kundichoka m'mutu. Masana a tsiku limene ndinalota malotowo ndinali nditagawa fayilo yaikulu ya malamulo oyendetsera seva, kompyuta yaikulu ya gulu lathu kukoleji, n'kuika tizidutswa take m'foda imodzi.

Ndinalota ndikutsegula tizidutswato mu pulogalamu yolembera. Pulogalamuyo inkazindikira fayilo yaikulu ija poona dzina lake, n'kumapaka mawu ake utoto wobiriwira ndi wofiira kuti cholakwika chioneke msanga. Koma tizidutswato inatisiya totuwa ngati phulusa, ndipo phulusalo ndinkalimva kukhakhala palilime. Kenako fodayo inasanduka khonde lalitali, lozizira, lonunkha mankhwala. Pakhomo panaima mlonda wopanda nkhope.

"Awa ndi a mtundu wanji?" anandifunsa, akuloza tizidutswato.

"Bambo, onsewa achokera m'fayilo imodzi," ndinayankha.

"Ine ndimadziwa dzina la mayi wawo lokha. Iwowa sindiwadziwa."

Kachidutswa kena kanandigwira malaya. Kanali ndi mawu a mlongo wanga Tadala, amene anatengedwa ndi amalume pamene ana tonse tinagawidwa kwa achibale, mayi athu atamwalira.

"Achimwene, auzeni kuti ndine wanu."

Ndinatsegula pakamwa, koma panatuluka phulusa lokhalokha.

Sindikudziwa ngati malotowa anali a kompyuta kapena a kwathu. M'mawa ndinapeza tizidutswa tija tilidi totuwa, choncho ndinalemba lamulo mu pulogalamu ija lakuti fayilo iliyonse ya m'fodayo izionedwa ngati ya mtundu wa fayilo yaikulu ija, ndipo utoto unabwerera. Kenako ndinaimbira foni Tadala. Inaitana nthawi yaitali, ndipo atayankha anafunsa mwaulemu kuti, "Pepani, ndikulankhula ndi ndani?"