Khomo la Chipinda cha Sikelo

Holo ya m'mudzi wina kumunsi kwa Bembeke inali itatopa: malata obooka, mazenera otsekedwa ndi matumba a feteleza. Bungwe lina litalonjeza simenti ndi malata, komiti inaitana anthu kuti aliyense anene maganizo ake.

A Falesi, amene amayeza ana pa sikelo muholomo mwezi uliwonse, anabwera ndi nkhawa imodzi. Pa pulani yomwe inamatidwa pakhoma, khomo la chipinda cha sikelo linaloza kum'mawa, kumene kumachokera chimphepo cha mu Juni. Mwana amakwera sikelo atavulidwa. Ndani angavule khanda lake pamphepo yotere? Amayi akanangosiya kubwera, ana onyentchera n'kumadziwika mochedwa.

Vuto linali loti wojambula pulaniyo anali a Kalisto, mmisiri, mkamwini wawo. Zaka zisanu ndi zinayi chikwatire mwana wawo Susan, awiriwa anali asanayang'anizanepo, monga mwa mwambo. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'munda wa eni. Ndiye lero awatsutse pagulu?

Abambo anapempha mabenchi, achinyamata magetsi a sola. Wapampando anayamba kupinda mapepala. Susan, amene akanawanenera, anali atapita kuchigayo. Masiku onsewa, n'kusankha lero!

A Falesi anadzuka, nakonza chitenje, natembenukira kukhoma, msana kwa anthu onse.

"Ine ndikuyankhula ndi khomali," anatero. "Liwauze amisiri kuti khomo la sikelo lisaloze kum'mawa. Ana athu atha ndi chibayo."

Wina anaseka pang'ono. Mantha anawagwira a Falesi. Basi, anaganiza, ndawayalutsa amuna a mwana wanga.

A Kalisto anaimirira, chipewa m'manja, maso padenga lobookalo.

"Denga iwe, uwauze amayi kuti ndamva. Ine ndimaganiza za dzuwa la m'mawa, za mphepo ndinaiwaliratu. Khomo lipita kumadzulo. Uwafunsenso, sikelo tiipachike pakhoma kapena pamtanda wa denga?"

"Pamtanda!" anayankha a Falesi msangamsanga, khoma lisanayambe n'komwe ntchito yake.

Holo yonse inafa ndi phwete, amayi akuimba nthungululu. A Falesi anakhala pansi akuyang'anabe kukhoma, mtima utabwerera m'malo mwake.

"Khoma," ananong'ona, "uwauze kuti Susan wanga anakwatiwa ndi munthu."