Nyemba Zashuga za Akufa

Mu tiyirumu ya Amayi Stelia, pafupi ndi geti la boda ya Mchinji pomwe mathiraki amandanda kudikira mapepala, mumagulitsidwa zodziwika kale: tiyi wamkaka, mandasi, masikono ndi mazira owiritsa. Koma kawiri pachaka, mu Malichi chimanga chikamakhwima ndi mu Sepitembala fumbi likamalowa mpaka m'makutu, pakauntala pamabwera thireyi ya timibulu tofiirira todabwitsa aliyense wofika koyamba. M'kati mwake ndi mpunga, kunja kwake ndi nyemba zopota ndi shuga. Inde, shuga m'nyemba. Dalaivala wina wa ku Dedza atamva zimenezi anagwira kukamwa n'kunena kuti dziko latha basi, ndiwo zasanduka switi. Anadya tiwiri, kena n'kukulunga m'pepala kuti akaonetse mkazi wake.

Luso limeneli linabwera ndi mlendo, paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Dzina lake anali Sachiko, mtsikana wa ku Japani amene anabwera kudzaphunzitsa amayi a ku Mavwere za kadyetsedwe ka ana. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya Amayi Stelia, ndipo Chichewa ankachilankhula mochita kuchinyamula ngati dzira. Nsima ankadya osadandaula, koma kwawo kukamukumbutsa ankakhala pakhonde n'kumafotokoza za timalo tomwera tiyi ta m'tauni yawo, momwe munthu amalowa yekha, n'kupatsidwa tiyi wowawa wopanda shuga ndi kachakudya kotsekemera kogwirizana ndi nyengo. Maluwa akamaphuka kumakhala kake, masamba akamayoyoka kumakhalanso kake.

Tsiku lina mu Sepitembala Sachiko anaviika nyemba zofiira, n'kuziphika mpaka zitaphwanyika, n'kuthiramo shuga ndi kamchere pang'ono. Mpunga wa kilombero anauphika mofewetsa dala, n'kuusinja pang'ono mumtondo. Amayi Stelia ankangopukusa mutu poona mpunga wabwinobwino ukuonongedwa. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana Tamandani, yemwe panthawiyo anali ku sekondale, anali atasamba kale m'manja, akuumba nawo.

"Kwathu timati ohagi," anatero Sachiko. "Timaphika sabata imene usana ndi usiku zimalingana, mu Malichi ndi mu Sepitembala, chifukwa akufa amakhala pafupi, ngati tsidya la mtsinje wophwa. Koyamba sitidya. Timayika pambale, patsogolo pa chithunzi cha amene anatisiya. Iwo akamva fungo, ife n'kudya."

Amayi Stelia, munthu wa mpingo, anati zimenezo ndi nsembe za mizimu, iwo ayi. Sachiko anaseka n'kunena kuti n'kungokumbuka chabe. Mlendo ndi mame, posakhalitsa anabwerera kwawo. Chaka chotsatira bambo a m'nyumbamo, a Zakeyu, anamwalira, ndipo Sepitembala itakwana Amayi Stelia anapezeka aviika nyemba popanda wowauza. Kambale kagalasi kanakhala patsogolo pa chithunzi cha a Zakeyu pashelefu ya mutiyirumu, ndipo timibulu totsala tinayamba kugulitsidwa.

Tsoka sasimba, koma la Tamandani tisimbe ndithu, poti nkhani yagona pamenepo. Anatenga mimba ya dalaivala wa ku Zambia, n'kunena kuti amutsatira. Amayi ake anakalipa, analira, anaitana abale, koma mwana anamanga chikwama. M'mawa wonyamukawo anamulondola mpaka pageti la boda, ndipo pamaso pa osintha ndalama ndi anyamata a kabaza anakuwa kuti, "Ukadutsa geti limenelo, uziti mayi ako anafa!" Tamandani anatembenuka, anawayang'ana, n'kudutsa. Madzi akatayika saoleka. Nambala yake ya foni inasiya kugwira, ndipo dalaivala uja sanaonekenso pamsewu umenewu.

Patapita nthawi kunamveka mbiri yoti basi ina yapsa chakufupi ndi Nyimba ku Zambia, ndipo mwa okwera munali mayi wa ku Malawi amene sanadziwike dzina. A Levi, mlongo wawo wa Amayi Stelia, anabwera ndi njinga kuchokera kumudzi kwa Zulu kudzalankhula monga mwinimbumba.

"Achemwali, tiyeni tivomereze. Tiitane abusa tipemphere, mtima ukhale pansi. Inu muli ndi kambale kanu kaja, bwanji osayikapo ndi ka Tamandani?"

"Mbale ija ndi ya akufa, achimwene," anayankha Amayi Stelia. "Mwana wanga sanafe."

Pakamwa ankalimba choncho, koma mumtima munali mantha omwe sanauze munthu. Kuyambira chaka chimene Tamandani anachoka, sabata ya ohagi ikafika, iwo ankadzuka m'mawa ali okhuta ngati adya phwando, chonsecho anagona ndi tiyi yekha. Palilime pankakhala kukoma kwa nyemba zashuga, ndipo pamwamba pake pankamveka nsinjiro zokazinga. Apa ndiye pankawaimitsa mutu, chifukwa iwo sanathirepo nsinjiro pa ohagi chibadwire, ngakhale Sachiko sanachitepo zimenezo. Ankatsuka m'kamwa ndi mchere, ankatafuna ndimu, koma kukomako kunkakhalabe mpaka dzuwa litakwera.

Sizinathere pakamwa pokha. Sabata imeneyo thupi lawo linkapepuka ngati gaga, manja ankazizira ngakhale kunja kukuwotcha. Makasitomala ankalowa, n'kuyang'ana pakauntala pomwe iwo aima, n'kufuula kuti, "Odi! Kuli anthu kuno?" Galu wa pa sitolo yoyandikana, amene ankadya nyenyeswa m'manja mwawo chaka chonse, ankawathawa atapinda mchira. Anapita kuchipatala ku Boma kukayezetsa shuga, poganiza kuti mwina ndi matenda. Anawauza kuti magazi awo ali bwino kuposa a mtsikana.

Ndiye anatsala ndi yankho limodzi, lomwe linkawadya ngati chiswe. Ankaganiza kuti Tamandani anapseradi m'basi muja, ndipo ali tsidya lija akuwaphikira, akuwaitana kuti abwere. Sabata ikatha zonse zinkabwerera m'malo, iwo n'kupuma. Koma Malichi kapena Sepitembala ikayandikira ankayang'ana kambale kachiwiri komwe kanali m'kabati osakakhudza. Ankadziwa kuti tsiku lomwe adzakatulutse ndiye kuti amuyika mwana wawo m'manda ndi manja awo.

Chaka chino, m'mawa wina wa Sepitembala mphepo ikuulutsa mapepala pamsewu, munalowa dalaivala wachilendo, wamtali, wa imvi m'ndevu. Anati dzina lake ndi Yoramu, amanyamula soya kupita ku Lusaka, ndipo kale ankayenda msewu wa ku Mwanza. Nayenso anaitana odi mayiwo ali pamaso pake, kenako n'kudzidzimuka.

"Pepani mayi, sindinakuoneni. Ndipatseni tiyi ndi... aa! Timeneti tafika ndi kuno?"

"Mukutidziwa?"

"Ndinadyapo mu Malichi, ku Luangwa, pamsika wa pafupi ndi mlatho paja timaima kugula nsomba. Pali mayi wina wa kwathu konkuno ali ndi kalesitilanti. Koma iyeyo amatigubuduza mu nsinjiro zokazinga. Musakwiye mayi, take timaoneka tokoma kuposa tanu."

Kapu inagwa m'manja mwa Amayi Stelia n'kugubuduka pansi osasweka. Anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

"Nsinjiro?"

"Eya. Ndiye ali ndi kamwambo kake koseketsa. Ine ndinatambasula dzanja kuti nditenge kamene kanali pambale yapadera, iye anandimenya pamkono. Akuti ako ndi ka amayi anga, anamwalira." A Yoramu anayang'ana pashelefu, anaona chithunzi cha a Zakeyu ndi kambale kake, kenako anawayang'anitsitsa mayiwo kumaso. Kuseka kunawathera. "Mayi, kumeneko kulinso chithunzi. Koma ndinu... muli ndi mng'ono wanu amene anatisiya?"

"Ndilibe mng'ono," anatero Amayi Stelia. "Thiraki yanu inyamuka liti?"

Chimwemwe chinabwera, koma sichinabwere chokha. Mwana ali moyo, inde, ndipo mtima unafuna kudumpha. Komabe zaka zonsezi iwo ankakana kumuyikira mbale mwana, osadziwa kuti mwanayo akuwayikira iwo. Anamuuza kuti aziti mayi ake anafa, ndipo Tamandani, amene sankamva kanthu chikhalire, pa mawu amenewa pokha anamvera. Zinawawawa kwambiri, komanso anachita manyazi.

Mapepala a thiraki anatuluka m'mawa mwake. Amayi Stelia anatseka tiyirumu, anadinditsa chiphaso chawo, n'kudutsa geti lomwe lija atakhala pampando wa kutsogolo. Njira yonse sanadye kanthu. A Yoramu anawagulira nthochi pa Katete, iwo anati akhuta, ndipo sankanama. Anadutsa Petauke, anadutsa Nyimba, msewu n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri ouma, kutentha kukuwonjezeka. Dalaivala ankatuluka thukuta ngati wanyowa ndi mvula, koma mayiwo anafunda chitenje m'mapewa chifukwa ankamva kuzizira.

Anafika dzuwa litapendeka. Pamsika pankanunkha nsomba zouma ndi mafuta a galimoto, ndipo amayi ogulitsa madengu ankathamangira basi iliyonse. Palibe amene anawaitanira malonda Amayi Stelia. Ankadutsa pakati pa anthu ngati utsi. A Yoramu anawalozera kanyumba ka malata kopaka utoto wobiriwira, n'kunena kuti iwo akaona matayala.

M'katimo munali mabenchi awiri ndi tebulo lokutidwa ndi pulasitiki. Pakona panali kashelefu koyalidwa nsalu yoyera. Pamenepo panali chithunzi chawo, chija anajambulitsa pa ukwati wa mwana wa a Levi atavala duku labuluu, chija ankachifunafuna m'nyumba osachipeza. Patsogolo pake panali kambale, ndipo pakambalepo panali kambulu kamodzi kokutidwa ndi nsinjiro. Miyendo inawatengera komweko yokha. Fungo lake ankalidziwa ngati la m'nyumba mwawo.

Kamtsikana kena kanatulukira kukhomo la kukhitchini katanyamula jagi ya madzi. Kanali ndi mphumi ya a Zakeyu, yosachita kufunsa. Kanayang'ana mayiwo, kanayang'ana chithunzi, jagi n'kugwa.

"Amama! Amama! Ambuya akufa aja abwera kudzadya!"

Tamandani anatuluka ndi chipande m'manja. Anali atanenepa, nkhope itakhwima, koma kayang'anidwe kanali komwe kaja ka pageti. Sanakuwe, sanathamange kudzawakumbatira. Anangoima, madzi a mujagi akuyenderera kumapazi ake.

"Munati munafa," anatero.

"Ndinatero, mwanawe."

"Ine ndinadikira kuti mwina mutumiza mawu ena. Madalaivala amadutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku. Bambo a mwanayu atandithawa ndinafuna kubwerera, koma munthu ubwerera bwanji kwa mayi amene anafa?"

Amayi Stelia anayang'ana kambulu kaja pashelefu. Anangofunsa kuti, "Nsinjirozi unaziyamba liti?"

"Kuno shuga ndi wodula. Ndiye ndinkadziwa kuti inu mumakonda nsinjiro." Kenako Tamandani anafunsa kuti, "Zinkafika?"

"Zinkafika. Malichi ndi Sepitembala, osaphonya. Ndinkadzuka nditakhuta."

Tamandani anayika chipande patebulo mwakachetechete. Kamtsikana kaja, Tereza, kanali katabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, kakusuzumira ndi diso limodzi. Amayi Stelia anatambasula dzanja kuti atenge kambulu kaja pashelefu, poti kanali kawo ndithu, ndipo anali atakadya kale nthawi zambiri osakaona. Koma Tamandani anawagwira pamkono. Dzanja lake linali lotentha ndi moto wa kukhitchini, ndipo atamva kuzizira kwa khungu la mayi ake anadzidzimuka, koma sanawataye.

"Apo ayi, amayi," anatero. "Apo ndi pa akufa."

Ananyamula kambale kaja, anakachotsa patsogolo pa chithunzi, n'kukakayika patebulo la pulasitiki pomwe amadyera madalaivala. Anakoka benchi ndi phazi.

"Khalani apa. Tereza, katenge tiyi wa agogo ako. Usathire shuga."

Amayi Stelia anakhala. Analuma kambulu kaja, ndipo kanali komweko, mpaka ndi kakupserera ka pansi pa poto komwe ankakamva m'mawa uliwonse wa sabata zija. Misozi inagwera pa pulasitiki. Tereza anabwera ndi kapu akuyenda chammbali, anayika patali, kenako anasendera pang'onopang'ono n'kuwagunda pamkono ndi chala chimodzi, n'kuthawa, n'kubweranso kudzawagwira ndi dzanja lonse.

"Amama," ananong'ona, "ayamba kufunda."

Amayi Stelia anameza, ndipo m'mimba mwawo munalira mokweza moti onse atatu anamva. Anakankhira kambale kopanda kanthu kwa mwana wawo.

"Tamandani, tilipo tina? Ndili ndi njala."